Kunenerera kwa Munthu Wosakhala Mwini Katundu

Pa Bvumbwe funsani aliyense wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu, akuuzani: munthu wondigonjetsa ine pa kunenerera sanabadwe. Ndimanenerera ngakhale kondakitala atandikweza kale, thumba lili pamiyendo. Luso limeneli sindinalitole ku Limbe ayi. Ndinaliyamba ndili ndi zaka khumi, pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo woyamba kulimbana naye anali bambo anga ondibereka.

Ndikukumbukira bwalo la sukulu yathu, kuseri kwa fakitale, kumene mphepo inkatibweretsera fungo la tiyi wouma mpaka kulowa m'malaya. Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano, a Nakoma, wamfupi, wa mapewa otambalala, amene ankati anachitapo majimunasitiki ku Blantyre. Mawuwo ankatipota lilime, choncho ife tinkangoti zopidiguka. Anakwirira theka la tayala la thalakitala, kutsogolo kwake n'kukumba dzenje, n'kulidzaza utuchi. Ana aang'ono ankayamba ndi kugubuduzika pa kapinga. Ukadziwa zimenezo, unkaima chadodolido miyendo itatsamira khoma, magazi akulira m'makutu. Kenako kupinda msana ngati uta. Pomaliza penipeni m'pamene ankakulola kuthamanga, kuponda tayala, n'kutembenuka m'malere.

Ine ndinali wowonda ngati ndodo ya khasu, ndipo tayala lija linkandiponya kutali kuposa aliyense. Pakutha kwa temu ndinkalumpha anzanga anayi atagona mondondozana. Apa m'pamene azimayi a kumalaini, ku nyumba za antchito a pa esiteti, anadzuka. Anabwera molunjika kuchokera kumunda, madengu ali kumsana, amayi anga ali patsogolo, kudzafunsa ngati aphunzitsi sadziwa kuti mwana wolumphidwa sakula. A Nakoma sanatsutse. Anangolamula kuti aliyense wolumpha mnzake azimulumphanso chobwerera kuti amubwezere msinkhu wake. Azimayi anabwerera atakhutira, ife n'kupezerapo mwayi wolumpha kawiri.

Tsiku lina a Nakoma anasankha ana atatu, ine ndili pomwepo. Anati Loweruka lachitatu kudzabwera galimoto yotitenga kupita ku Blantyre, kumene kunali mphunzitsi weniweni, matiresi enieni, ndiponso mwayi woti ukachita bwino uzipitako holide iliyonse. Chofunika chinali chimodzi: pepala losainidwa ndi kholo.

Bambo anali wothyola tiyi. Zala zawo zinali zakuda ndi zong'aluka, ndipo ngakhale Lamlungu ankayenda chowerama ngati dengu likadali kumsana. Pepalalo analigwira chadodolido, monga mmene ine ndinkaimira pakhoma, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ukakathyoka khosi kumeneko, akakusenze ndani?"

Sanati ayi. Ndipo ngakhale pa msinkhu umenewo ndinkadziwa kuti munthu akapanda kunena ayi, msika ukadali wotsegula. Ndinayamba ndi nkhuni: ndizikatola m'nkhalango ya bulugamu tsiku lililonse. Iwo anagwedeza mutu n'kuonjezapo kupalira kadimba ka kuseri kwa nyumba. Ine ndinati dimba inde, koma Lamlungu ayi. Anati chabwino, bola ndisiye mpira. Ndinasiya. Anati ndizikawaperekera chakudya kumunda pa nthawi yopuma, ine ndinawatsitsa mpaka masiku atatu pa mulungu, n'kuchokapo ndikudzitama mumtima kuti mdala ndamukhaulitsa. Milungu itatu imeneyo ndinkafika pa tayala manja ali matuza okhaokha, minga ya m'nkhalango ili m'mapazi, koma ndinkauluka ndithu.

Lachisanu, mawa lake galimoto ikubwera, ndinawapatsa pepala ndi cholembera chobwereka. Anali pakhonde, akumanga dengu lothyoka ndi waya.

"Ine ndavomera," anatero osatukula mutu. "Wagwira ntchito, ndaona. Koma ine ndine mkamwini chabe, mwana si wanga. Kafunse atsibweni ako."

Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana nyemba zimene ankasankha m'lichero.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankakhala kupitirira Makwasa, ndipo moyo wanga wonse ndinali nditawaona kawiri. Inde, kwathu ana ndi a kuchikazi, zimenezo aliyense amadziwa. Koma pondipatsa dzina, pondilembetsa sukulu, pondikwapula ndikaba mapeyala, bambo sanakumbukirepo kuti ndili ndi mwini wanga. Anakumbukira Lachisanu limenelo.

Ndinanyamuka Loweruka m'mamawa, nkhungu ikadali pa mizere ya tiyi, mame akunyowetsa kabudula. Ndinkadziuza kuti galimoto za ku Blantyre zimachedwa, mwina ifika madzulo, mwina ifika mawa. Njira yonse ndinkakonza zoti ndikawalonjeze atsibweniwo: kuweta mbuzi zawo holide yonse, kuwatungira madzi, kuwalimira. Ndinafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, n'kuwapeza ali padenga akufolera. Ndinagwada pansi n'kufotokoza zonse, mitengo yanga ili chire pakamwa.

"Zimenezi n'zimene wayendera mtunda wonsewu? Kalumphe, mphwanga! Ukalumphe mpaka ukagunde mtambo."

Anatsika, anasaina atatsamiritsa pepala pabondo, n'kukweranso padenga. Mwini katundu anandipatsa ulere. Ine ndinali nditatha milungu itatu ndikunenerera kwa munthu wongosungira.

Ndinabwerera Lamlungu ndi pepala langa losainidwa bwinobwino. Galimoto inali itabwera pa nthawi yake, mwina kamodzi kokha m'mbiri ya galimoto za ku Blantyre, ndipo pa malo anga panakwera mnyamata amene ankalumpha anthu awiri okha. A Nakoma anandigwira paphewa, n'kunena kuti chaka chamawa. Chaka chamawacho anawasamutsa. Utuchi unawola, pa tayala lija mbuzi zinkaotherapo dzuwa, ndipo ine nditakula pang'ono ndinasenza dengu ngati wina aliyense. Khosi silinathyoke. Unapindika ndi msana, pang'onopang'ono, mwa njira yovomerezeka.

Bambo sanaitchulenso nkhaniyo mpaka kumwalira kwawo. Amayi ndi amene anadzandiuza, ine ndili ndi ndevu kale, kuti tsiku lina bambo anadutsa kuseri kwa mpanda wa sukulu n'kundiona ndili m'malere, mutu pansi. Akuti atafika kunyumba, chakudya sanachikhudze. Kundikaniza ankachita manyazi, kundilola ankachita mantha. Ndinamvetsa, koma kumvetsa ndi kukhululuka sizikwera minibasi imodzi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ku Limbe kuli holo ina kumene ana amayamba zopidiguka ali ndi zaka zinayi, pa matiresi ofewa, aphunzitsi atawagwira m'chiuno. Pepala lake lili ndi malo a mayi kapena bambo basi, a tsibweni palibe. Mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amayenda ndi manja pakati pa milu ya kabichi mpaka makasitomala kuiwala zimene abwerera. Atabwera nalo pepala ndinasaina pompo, osafunsa munthu, n'kuuza mayi ake kuti ine si bambo anga.

Loweruka loyamba ndinakhala pa benchi ya makolo, chifuwa chili patsogolo. Kenako anamukweza pa thabwa lopapatiza, lotalika kufika m'chiuno mwanga, kamwendo kamodzi kakugwedera. Azimayi a m'tauni ankajambula ndi mafoni akuseka, ine ndagwira benchi ndi manja onse awiri ngati ili pa liwiro.

Loweruka lachiwiri ndinati kumsika kwachuluka ntchito. Lachitatu ndinati ayambe wasesa pabenchi yanga yogulitsira, ndipo anasesa, n'kundifunsa ngati pali china. Dzulo anabwera n'kunena kuti aphunzitsi akufuna kumuika m'gulu la ophunzira kutembenuka m'malere, bola kholo livomere. Anaima patsogolo panga, tsache lili m'manja, akudikira. Ine, katswiri wa pa Bvumbwe, ndinamva pakamwa panga pakutseguka pokha, ndipo mawu amene anatulukamo anali akuti akafunse atsibweni ake.

Mdala uja anagona kalekale pansi pa mibulugamu, pepala sanasaine, ayi sananene. Tandiuzani inuyo: pa msika umene uja wa pakhonde, anapambana ndani?