Kalata ya Achimwene Ili Pamzere

Achimwene anga akhala kalaliki pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Desiki yawo ili pafupi ndi chitseko cha bwana wamkulu, ndipo pepala lililonse lolowa mu ofesimo limadzera m'manja mwawo. Bwanayo ndi munthu wachikale, kompyuta amaiopa ngati njoka, choncho ngakhale imelo zake amatsegula ndi achimwene. Amasindikiza uthengawo papepala, kudindapo tsiku, n'kuuika pansi pa mulu wa makalata pa tebulo la bwana. Pansi, osati pamwamba. Yofika poyamba iwerengedwe poyamba. Lamuloli anaika okha, ndipo amalisunga kuposa mmene ena amasungira ukwati.

Kawiri konse kampaniyo yalemba achinyamata a digiri, achimwene n'kuwaphunzitsa ntchito yonse, pakutha pa chaka n'kumawatcha bwana. Ine zinkandiwawa kuposa eni ake. Ndinalalata zaka zisanu ndi chimodzi kuti abwerere kusukulu, iwo kumangoseka. Chaka chino anabwera okha ku saluni yanga, n'kukhala pa benchi ya makasitomala ngati akufuna kumangitsa tsitsi.

"Achemwali, ndamva kuti kuli yunivesite yophunzira pa intaneti, munthu osasiya ntchito," anatero motsitsa mawu. "Mungandithandize kulembetsa?"

Ndinavomera msanga asanasinthe maganizo. Sindinadziwe chimene ndinadziputira. Fomu imene anthu amadzaza ola limodzi, ife inatitengera masabata atatu. Funso lililonse ankayamba alikopera m'kope, kuliyankha ndi pensulo, kulibwereza ndi bolopeni, kenako ndiye kundilola kulemba pa foni. Anandifunsa kanayi ngati sakuyenera kupita kukaonekera. Ndinkawayankha kuti kulibe koonekera, iwo n'kupukusa mutu kuti sukulu yopanda chitseko siinaonekepo.

Chomaliza chinali kalata ya umboni. Umalemba dzina ndi imelo ya munthu wodziwa ntchito yako, a yunivesite n'kumutumizira uthenga wokhala ndi malo odinapo kuti alembe zimene akudziwa za iwe. Achimwene analemba dzina la bwana wawo. Kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu la sabata yachiwiri kuchokera tsikulo, faifi koloko madzulo. Akaphonya, n'kudikira chaka chamawa, ndipo ine ndimawadziwa achimwene anga: sakanayesanso.

Lachitatu la sabata yomalizayo ndinayang'ana pa foni, ndinapeza pakadalembedwa kuti umboni sunafike. Ndinawaimbira.

"Uthenga wa bwana uja sunafike kodi?"

"Unafika kalekale. Ndinaulandira ndekha, ndinadinda."

"Ndiye uli kuti?"

"Uli pamzere. Patsogolo pake patsala makalata khumi ndi anayi."

Ndinatsala pang'ono kumuwotcha khutu kasitomala ndi chowongolera tsitsi.

"Achimwene, muluwo mumasanja ndinu! Ingoikani pamwamba!"

"Ndiyambe kudumphitsa zanga? Mawa akabwera woyang'anira sitolo ndi pepala lake lachangu, ndidzamuuza chiyani?"

Ndinadula foni kuopa kutukwana mkulu wanga.

Lachisanu masana anaimba okha, mosangalala, kuti zatheka. Bwana awerenga, alemba kuti "Ndavomereza" pakona, asaina, ndipo pepalalo aliika kale mu fayilo. Ndinawafunsa ngati anaonapo munthu akudina pepala ndi chala, uthenga n'kupita ku yunivesite. Anati ayi, koma siginecha ya bwana ndi siginecha.

Ndinamusiyira mnzanga mutu umene ndinkaluka uli theka, n'kukwera basi. Ndinafika cha m'ma fili koloko thukuta lili kamukamu, ndipo chinthu choyamba chimene achimwene anachita ndi kundipatsa buku la alendo kuti ndisaine. Ine, wobadwa nawo mimba imodzi! Ndinasaina. Bwana anali pa msonkhano, ndipo achimwene anakanitsitsa kugogoda. Ndinakhala pa mpando wa alendo kuposa ola, ndikuwayang'ana akuboola mapepala modekha ngati tsikulo si lawo.

Bwana atatuluka itadutsa folo koloko, sindinadikire kuti andilowetse. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse. Bamboyo anatembenukira kwa achimwene.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyi? Bwanji osandiuza pakamwa? Timaonana tsiku lililonse."

"Si mmene timachitira, bwana."

"Chabwino, tsegulani chinthu chanucho mulembe nokha. Makalata anga onse mumalemba ndinu, iyi ikuvuta pati?"

Achimwene anatsegula imelo, anadina, malo olembapo n'kutseguka. Munthu amene amalemba kalata ya masamba awiri tiyi asanazizire anakhala mphindi khumi akuyang'ana kompyuta. Ine maso ali pa wotchi. Atati amaliza, ndinasuzumira. Mizere iwiri yokha: "Amafika pa ntchito nthawi yabwino. Sanatayepo fayilo."

"Zaka makumi awiri ndi zitatu, basi zimenezi?" ndinakuwa.

"Zinazo kungakhale kudzitama, achemwali."

Bwana anavala magalasi n'kuwerenga. Kenako anakoka mpando n'kukhala pambali pawo.

"Fufutani. Lembani zimene ndinene ine."

Anayamba pang'onopang'ono, achimwene akutayipa msana uli njo. Anati munthu uyu waphunzitsa ntchito mamanejala awiri amene lero akumulamulira, ndipo sanadandaulepo. Anati bwana wamkulu akadwala kampani imayenda bwinobwino, koma kalalikiyu atagona m'chipatala sabata imodzi, magalimoto atatu ananyamuka opanda mapepala. Kenako anati, "Tinalakwa kumusiya pa desiki imeneyi zaka zonsezi chifukwa choti sadandaula. Mutengeni, adzakuchititsani manyazi ndi khama."

Zala za achimwene zinaima. Anavula magalasi awo, anawapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

"Pepani bwana, mubwereze pamenepo. Sindinamve bwino."

Anamva bwinobwino. Mu ofesimo munali zii, ndipo ine amene ndinali kutali ndinamva liwu lililonse. Bwana nawo anadziwa. Koma anabwereza, mawu onse, mosafulumira, ndipo achimwene analemba osatiyang'ana.

Kalata inapita kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti ikwane faifi. Ndinabwera nditakonzeka kuwazazira mpaka atagontha, mawu ndinawasanja kale m'basi. Koma nditawaona akupukuta maso ndi tayi ija, ndinangotola chikwama changa n'kukawadikira panja.