Duwa la Chinaka Kuseri kwa Nkhungu

Tinanyamuka pa Boma la Mzimba sikisi koloko m'mawa pa lole yonyamula matabwa: ine mphunzitsi, ana anga a Fomu 3, ndi NyaJere wa komiti ya makolo. Tinkapita kumalo ofufuzira zomera ndi tizilombo m'nkhalango ya Viphya. Ndinali nditalonjeza anawo kuti akaona duwa la chinaka, lomwe ndinkalijambula pabolodi chaka ndi chaka ndisanalionepo. Chinaka ndi chomera cha m'madambo chomwe anthu amakumba timbatata take n'kuphika ndiwo. Mumtima ndinali ndi mantha.

Cha ku Champhira tinagula chimanga chootcha, K300 chimodzi. Wogulitsayo anaseka. "Ulendo wonsewu kukaona maluwa? Mbwenu sukulu yasintha!"

Titasiya tala, nkhungu inatimeza. Mapaini ankatulukira mmodzimmodzi n'kuzimiriranso.

Tinafika teni koloko. Bambo Kamanga, woyang'anira malowo, anationetsa nyumba yogona alendo, chipinda cha maikolosikopu, ndi agulugufe obayidwa singano m'mabokosi. Kenaka anatitsitsira kudambo, komwe anamanga zingwe pazikhomo kuti aziwerenga zomera.

"Pepani aphunzitsi," anatero. "Chaka chino chinaka sichinaoneke. Okumba anatimalizira."

Nkhope inandigwa. Ana onse anandiyang'ana.

NyaJere, amene amagulitsa chinaka chophika pamsika, anatsokomola. "Adada, mwamanga zingwe pa madzi chomene. Icho chimakonda m'mphepete." Anavula patapata n'kulowa mu nkhungu, ife pambuyo ngati anapiye. Tinayenda osaona kumene tikupita, tikungotsata chitenje chake chofiira. Mwadzidzidzi anagwada.

Maluwa a chinaka analipo asanu, ofiirira, mame akulendewera.

"Sala," anatero kwa ine mtsikana wina, Tiwonge, "duwali silikufanana ndi lanu la pabolodi."

Ndinavomera, ndipo sindinachite manyazi. Ndinasangalala ngati mwana.

Apo mpamene kakhasu kanagwa kuchokera m'chitenje cha NyaJere. Bambo Kamanga anakayang'ana, n'kuyang'ananso maluwa aja. NyaJere anakatola, akuseka mwamanyazi, n'kutembenukira kwa ine. "Manja akuyabwa, asambizi. Koma ana aliona kale, mbwenu ndingalikumbe bwanji?" Anakapereka kwa Bambo Kamanga kuti akhomere zikhomo zatsopano.

Pobwerera madzulo ndinakhala pamatabwa ndikulingalira. Zaka zonsezi mphunzitsi wa duwa lija ankakhala pamsika, ine n'kumangomugula chinaka chodyera nkhomaliro, osamufunsa kanthu.