Mkonono wa bambo a Tadala

Chizindikiro choyamba chinali mkonono, ndipo ine ndinausangalalira.

Amuna anga, bambo a Tadala, anatuluka kundende mu Meyi chaka chatha, tikukumba mtedza kwathu ku Mkanda. Anamangidwa chifukwa chozembetsa shuga pa njinga kupita ku Zambia. Asanamangidwe ankamwa mapilitsi a tramado kuti miyendo isamawawe popalasa, ndipo ankawabwira ngati mtedza wokazinga. Atabwerako, mnzawo wa kabaza anawapatsa ena powalonjera. Anthu anzeru amabweretsa nkhuku.

Mawa lake masana anamwa muyezo wawo wakale n'kugona pansi pa mtengo wa mango. Mkonono wake unkamveka mpaka kumsewu. Apongozi anga analamula kuti pasapezeke wowadzutsa, poti kundende anthu amagona mothithikana, kutembenuka komwe mpaka auzidwe. Ine ndinakhala pambali ndi kamtengo, kupirikitsa ana ndi mbuzi kuti bambo apume.

Inandidzidzimutsa ndi ntchentche. Inatera pamlomo pawo iwo osaiingitsa, chikhalirecho ndi munthu wokalipira ndi udzudzu womwe. Milomo inali itatuwa, mpweya ukubwera mwa apo ndi apo. Ndinawagwedeza, osayankha. Mantha amene ndinachita sindidzawaiwala. Apongozi anazungulira mudzi kufuna mkaka, ati umapha poizoni. Mwamwayi sunapezeke, chifukwa adokotala anadzatiuza kuti ukanawatsamwa.

Tinathamanga nawo pa ngolo. Kuchipatala anawabaya jekeseni yobweza mphamvu ya mapilitsiwo n'kuwaika pa makina othandiza kupuma. Atatsegula maso n'kuona mabedi ondandana ndi mlonda pakhomo, anafunsa motsitsa mawu kuti ulendo uno alakwanso chiyani. Tinakhalamo masiku angapo, m'mawa uliwonse kudikira adokotala, ine ndikugona pansi pa bedi lawo.

Namwino ndiye anandimasulira. "Thupi limaiwala, mayi. Muyezo umene ankaupirira asanamangidwe, lero ukhoza kuwapha."

Pano ali bwino. Amapita kuchipatala kukalandira uphungu, ndipo njinga ija imanyamula mtedza basi. Inu amene m'bale wanu wangotuluka kumene, mufunseni zimene ankamwa kale. Akagona tulo tosadzutsika, musamusungire ulemu ngati ine, thamangirani kuchipatala.

Mkonono akadali nawo, koma sindiukhulupiriranso. Akangouyamba ndimawagwedeza mpaka ayankhe. Masiku ano akudandaula kuti kundende ankagonako bwino.