Kanema wa Florah Amene Sanapite ku Chinkhoswe

Ndawadziwa bambo Heshmat Lari kwa zaka khumi ndi chimodzi, chiyambireni ulonda pa nyumba yosanja ya ku Hor Al Anz, mumzinda wa Dubai, kumene iwo amakhala. Ndalemba zimene ndinaona ndi zimene anandiuza okha. Zimene sindikuzidziwa ndazisiya.

Anabadwira kummwera kwa Iran, m'tauni ya asodzi. Ali mnyamata anapita ku Tehran kukanyamulira katundu anthu ojambula makanema, ndipo anabwerako ndi kamera yakale. Kwawoko ndi iwo anayamba kujambula asodzi ndi akazi awo akulankhula chilankhulo chakumudzi. Masiku amenewo, akuti, munthu wa m'kanema ankayenera kukhala wotchena, wolankhula zam'tauni. Iwo ochita zisudzo sankawafuna. Ankaimika kamera n'kudikira mpaka munthu aiwale kuti ilipo, ndiyeno n'kuyatsa. Anapanga makanema atatu. Wachitatuyo analetsedwa, ndipo chifukwa chake sanandiuzepo. Anawoloka nyanja kubwera ku Dubai, natsegula kasitolo ku Deira kojambula zithunzi za mapasipoti ndi maukwati. Akalambira momwemo.

Tsiku lina Lamlungu kusitoloko kunabwera Florah, mayi wa ku Ntcheu wolera ana m'nyumba ya eni dziko, ali ndi mnzake Hildah. Mwana wa Florah, Melody, anali ndi chinkhoswe ku Ntcheu Loweruka lotsatira, ndipo abwana anakana kumupatsa mayiyo tchuthi. Ankafuna kanema wa malangizo a mayi woti akaonetse pamaso pa akuchimuna, kuti asakanene kuti mtsikanayo alibe make. Tsiku lopuma anali nalo lomwelo basi.

Anavala chitenje chatsopano, namanga duku, naima chilili ngati wapolisi. Anayamba: kulemekeza mwamuna, kusamala alendo, kupemphera. A Heshmat anangopinda manja.

"Baba, yalla, tiyeni, yatsani!" anatero Florah m'Chingelezi chake chapantchito.

"Sunayambe kulankhula, mwana wanga. Ukungoopa galasili."

Anayambanso, iwo osayatsa. Potsiriza anatopa, navula duku, nakhala pampando n'kuyamba kudandaulira Hildah m'Chichewa. Apa m'pamene mkuluyo anayatsa mwakachetechete. Florah ananena mmene anamusiyira Melody ali sitandade 3, mmene mwanayo anakanira kumutsanzika n'kukabisala kuseri kwa bafa. Anaseka, nalira, nanenanso zina. A Heshmat sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Ankangoona nkhope, ndipo anadziwa kuti chichokereni kwawo anali asanajambulepo chinthu chotere.

Atatha anawaonetsa amayi awiriwo monyadira. "Tikutumiza uyu," anatero.

Hildah anagwira pakamwa, kenaka anaphulika kuseka. "Achemwali, akatumiza zimenezi ukwati watha usanayambe!"

"Baba, mukudziwa zimene ndanena apa?" anafunsa Florah. "Ndati mayi ake a mkamwini wanga ndi amiseche, ndiponso amawerenga nthuli za nyama mumphika. Ndiye ndionekere kwa anthu amenewo mutu uli pamtunda, mamina ali chuchuchu?"

"Koma taona masowo! Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula anthu ouma makosi. Pa mayiwo tidulapo."

"Mudula pati? Chichewa mumachimva?"

Mkuluyo ndi munthu wosakonda kugonja, ndipo anthu a ku Deira amamudziwa choncho. Koma anatola duku lija pampando nalipereka kwa mwini wake. Florah analimanga, naimanso chilili, nanena malangizo ake onse osaphonya. Iwo anajambula zonsezo. Ku Ntcheu anakaonetsa pa wailesi yakanema yobwereka, amayi analuluta, ndipo akuchimuna anati mtsikanayo ali ndi mayi waulemu. Ukwati unachitika.

Za kanema woyamba uja, Florah anati afufute. A Heshmat anapempha kuti amusunge. Anakangana mpaka Hildah anayamba kuloza wotchi, kuopa kuchedwa kubwerera kwa madamu amene ankawagwirira ntchito. Mapeto ake anagwirizana chonchi: asaonetse munthu aliyense, koma Melody akadzabereka mwana wake woyamba adzamutumizire iye yekha, chifukwa pamenepo ndi pamene adzamvetse zimene mayi ake ankalira.

"Khalas, zatha," anatero mkuluyo, dzanja lili pachifuwa.

Chaka chatha kunabwera achinyamata a kwawo kwa a Heshmat okonza chionetsero cha makanema akale. Iwo anawauza kuti ntchito yawo yoposa zonse ndi ya mayi wina wa ku Malawi. Anyamatawo anachonderera kuti aione, koma anabwerera osaiona. Inenso ndinapemphapo, poti chilankhulocho ndi changa, ndipo anandikaniza.

Maso awo tsopano akuchita khungu, ndipo kusitolo amapita mwa apo ndi apo. Akakumana ndi Florah pa msewu wa Al Rigga safunsa za moyo wake. Amangoti, "Melody bwanji?" Iye amati, "Sizinachitike, Baba. Inshallah, Mulungu akalola." Iwo amagwedeza mutu n'kupitirira. Melody sanabereke, ndipo kanemayo sanatumizidwe.