Nkhunda za a Khudayir

A Khudayir ankayenda maso ali kumwamba. Palibe ngalande ya m'dera lathu la Fadhil imene sanagweremo. Nyumba yawo inagundana ndi yanga, kotero m'mawa uliwonse ndinkawamva ali padenga, akuimba likhweru ndi kugwedeza nsungwi yomangirira kansanza, nkhunda zawo zikuzungulira.

Kuno ku Baghdad woweta nkhunda sawerengedwa ngati munthu. Amati ndi wabodza, amasuzumira akazi a eni akamayanika zovala pamadenga, ndipo umboni wake saulandira pamlandu. Komwera tiyi a Khudayir ankakhala pabenchi paokha. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana wawo Sabiha anakwatiwa kutauni ya Baquba. Chimene ankanyadira chinali chimodzi. Oweta nkhunda ali ndi lamulo lawo: nkhunda ikatera padenga la wina ndiye kuti yapita, ndi ya mwini dengalo. Zawo zinali zisanaterepo kwa munthu.

Ndege za adani zitayamba kuponya mabomba, magetsi anazima, mipope inauma, milatho inagwera mumtsinje. Makomo anayamba kutsekedwa limodzilimodzi. Ine telala ndinatsala chifukwa cha mwendo wangawu, iwo chifukwa cha mbalame. Msewu wonse unangoti zii, moti likhweru limene linkandinyansa lija ndinayamba kulidikira.

Kenako Sabiha anabwera ndi galimoto ya mwamuna wake.

"Bambo, kwerani. Mukufuna tidzakutoleni ndi fosholo?"

"Nanga anzangawa?"

"Anzanu ati? Anthu akutha, inu muli anzanga, anzanga! Chabwino, zitengeni, mwina tikapezerapo ndiwo."

Anaziika m'mitanga n'kunyamuka. Sabata isanathe, bomba limene amati linkafuna nyumba ya matelefoni linasochera n'kugwera kwathu. Khoma langa linang'ambika koma linaima. Nyumba ya a Khudayir inasanduka mulu wa njerwa pakati pa makoma a eni.

Ku Baquba kuja apongozi a Sabiha, munthu wozolowera nkhuku, anamvera mbalame chisoni. Anatsegula mitanga kuti zitoleko zakudya pabwalo. Nkhunda zinangoti phuu, ulendo wa kwawo.

Ndinaziona masana zikuzungulira pamwamba pa mulu uja. Mwini wake anafika dzuwa litapendeka, pa lole ya anyezi, fumbi lili mbuu. Za nyumba sanafunse n'komwe. Anakwera pamuluwo, navula nsalu ya kumutu n'kuyamba kuigwedeza, likhweru lili pakamwa. Mbalame zinkatsika, kufika pafupi, n'kukweranso. Zinkafuna denga, ndipo denga panalibe. Mkuluyo anaimba mpaka milomo inauma, kumangotuluka mpweya wokha.

Dzuwa likulowa, yaimuna yofiira imene ankaitcha Pasha inatopa n'kutera padenga langa. Zinzake zonse zinatsatira.

Ndinawakuwira ndili pakhomo. "Achimwene, lowani, masitepe ndi awa. Kwerani mukatenge mbalame zanu."

"Zatera kwanu."

"Aaa, inunso! Lamulo lachibwanalo pankhondo pano? Akuonani ndani? Msewu wonse tatsala awiri."

"A telala, anthu amati ndife abodza. Mwina n'zoona. Koma pa chokhachi sitinanamizanepo."

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawatchula ouma mutu. Anangovala nsalu yawo ija pang'onopang'ono.

"Madzi muzisintha m'mawa," anatero. "Pashayo amakonda mapira. Musamamugwire mapiko, amadana nazo."

Ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale tsiku la bomba lija. Munthu anakhala khoma limodzi ndi ine moyo wonse, ndipo mawu ochuluka amene tinalankhulana ndi amenewa.

Anatsika pamulu paja n'kulowera kokwerera galimoto za ku Baquba. Nkhunda zinali kulira padenga langa, koma sanacheuke. Anayenda maso ali pansi, ndipo ngalande ya pakona ija anailumpha bwinobwino.