Apongozi anapatsa moni malaya anga

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo kwathu kuno ku Bua palibe angadabwe kumva zimenezi. Koma mlandu umene unandigwera chaka china mpunga ukucha, woti ndinakana kuyankha moni wa apongozi anga aakazi, sindinapalamule ndine.

Mwana wanga wamkazi woyamba anali fomu 2 pasekondale yoyendera. Pasukulupo panabwera mphunzitsi wamkazi amene anali ndi katoni ya penti, maburashi ndi mapepala, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ankaphunzitsa ana kujambula kwaulere. Wangayo anapitako kasanu, ine n'kumuletsa.

Chifukwa ndinali nacho. Mpunga ukamacha, mpheta sizidziwa kuti lero ndi Loweruka. Masiku asukulu tinkasinthana pansanja ine ndi mayi ake, kukoka chingwe cha zitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa. Loweruka linali tsiku lake kuti ife tigwireko zina.

"Zojambulazo tidzadya?" ndinamufunsa.

"Ababa, ndi m'mawa mokha."

"Mpheta nazonso zimadya m'mawa. Nkhani yatha."

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kukagula matumba ku Dwangwa, mayi ake ali kumsika ndi tomato. Nditabwerako masana ndinapeza mkazi wanga wakhala pakhonde, nkhope ili ndwii.

"Abambo ake, amayi anga anakulakwirani chiyani?"

"Bwanji?"

"Akupatsani moni katatu kumunda, inu kungowayang'ana mutachita tsinya. Afika pano akudandaula."

"Ine ndinali ku Dwangwa! Matumba si awa?"

"Nanga amene waima pamundapo atavala malaya anu abuluu ndi chipewa chanu ndani?"

Kwathu mpongozi sayandikira mkamwini wake. Amaima patali, kuwerama pang'ono, kuwomba m'manja, maso ali cham'mbali. Ndimo mmene anachitira mayiwo ataima pamzere wa munda wa eni ake. Ndipo poti ine ndimadziwika ndi mtima wapachala, sanakayikire n'komwe kuti ndawanyoza dala.

Ndinapalasa njinga ngati ndikuthamangitsa mbala. Kufika kumunda, ndinapeza amuna awiri olima moyandikana nane agwira nthiti ndi kuseka.

"Achimwene, tiuzeni tizilonjera uti," anatero mmodzi. "Uyu takhala naye kuyambira m'mawa, sanatitukwane ngakhale kamodzi!"

Pakati pa mpunga panaima ine. Thupi linali la nsungwi ndi udzu, dzanja lina litaloza kutsogolo monga ndimachitira ndikamakalipa. Nkhope inajambulidwa pansalu yokutira lichero lakale. Tsinya langa linalipo, diso lakumanzere lotsinzina pang'ono, ngakhale chipsera cha mbedza pachibwano. Mwanayo anaimika bambo ake pamunda, iye n'kupita kokajambula.

Ndinalowa m'matopemo kuti ndikazule chidolecho. Koma nditafika pafupi, nkhope ija inasowa. Panangokhala timadontho ndi mizere, pena pakuda, pena pofiirira, patsaya pobiriwira ngati ndere. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, ine uja n'kutulukiranso. Kuyandikira, matope a penti. Kubwerera, ine. Ndinachita zimenezi kangapo mpaka amuna aja anayamba kufunsana ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Mwanayo anatulukira ali ndi penti m'zala. Atandiona anaima chilili, kenako n'kugwada pamzere pomwepo.

"Iwe, tsaya la munthu limabiriwira?"

"Amadamu anati nkhope imatengako mtundu wa pamene yaima, ababa. Inuyo mumaima mumpunga."

"Nanga mpheta zachiopa chinthu chakochi?"

Anayang'ana pansi. Sizinachiope. Zinadya ngodya yonse yakumadzulo, ndipo ina inasiya chitosi pachipewa changa. Pamenepo ndiye ndinakalipa ndithu, mpaka mpheta za m'minda itatu zinauluka.

Koma pokalipapo mtima wanga sunali pampungapo. Ine sekondale ndinamaliza, koma burashi yojambulira sindinaigwirepo m'moyo mwanga. Amene ankajambula m'makope ankalandira ndodo, ati akuwononga mapepala. Ndinadzaona ndili wamkulu kuti ana a anthu opata amagulidwira makrayoni asanayambe n'kulemba komwe. Wa olemera akajambula amati ali ndi luso, wa ife akajambula timati akusewera, ndipo amene amayamba kunena zimenezo ndi ife makolo ake. Mwanayu ndinkamudziwa ngati wotunga madzi ndi wolephera masamu. Masiku asanu okha ndi katoni imodzi ya penti, anandionetsa kuti zaka zonsezi ankandiyang'anitsitsa kuposa mmene ine ndinkamuyang'anira. Mphunzitsi uja akanapanda kubwera, ndikanafa osadziwa kuti m'nyumba mwanga muli maso otere, ndipo mwini wakeyo sakanadziwanso.

Panatsala nkhani ya apongozi. Ndinamangirira chidolecho pakaliyala ya njinga n'kuchikankha kudutsa nacho m'mudzi, ana akulondola m'mbuyo ndi phokoso. Kufika kwawo, ndinachiimika pabwalo, ine n'kunjuta pambali pake, mkazi wanga ali pakati kutilankhulira. Mayiwo anayang'ana ine, kuyang'ana chinacho, kenako anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Uwauze bambowa kuti palibe mlandu," anauza mwana wawo. "Koma andisiyire winayu. Ndi wofatsa."

Anachisungadi. Anachiimika m'dimba mwawo, ndipo anthu odutsa ankachipatsa moni dala mpaka mvula inafufuta nkhopeyo.

Pobwerera kunyumba mwanayo ankayenda m'mbuyo mwathu akudikira chigamulo. Ndinaima pamphambano.

"Loweruka likubwerali mumayamba nthawi yanji?"

"Eyiti koloko, ababa."

"Uzipita. Pansanja ndikhalapo ndine. Koma ukachedwa ngakhale pang'ono, amadamu akowo n'kundiuza, udzandiona."

Mayi ake anati nanga ntchito zanga za Loweruka agwira ndani. Ndinati zidikira mpaka tikolole. Mwanayo anali atatipitirira kale, akuthamangira kunyumba, ati akatsuke burashi imene anabwereka isanaume.