Phulusa la a Fanizo ndi Ng'ona ya pa Mchenga

A Fanizo Semba anabadwira kwa Tengani, m'banja lolima mapira ndi thonje, ndipo agwira ntchito yolondera nyama zakutchire zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, amene Lamulungu amaimba nyimbo mochedwerapo pang'ono kuposa mpingo wonse. Mvuu ikamaononga madimba kapena ng'ona ikagwira munthu, iwo ndi amene amatumidwa ndi mfuti ya boma. Koma chimene amachisamala koposa si mfutiyo ayi. Ndi kathumba ka nsalu yakale kokhala ndi phulusa la zitsononkho, limene akazi awo, mai Immaculate, amawapalira pa mafuwa. Akakagwedeza, phulusa limatuluka ngati utsi n'kuwaonetsa kumene mphepo ikulowera, ndi mphamvu yake.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa msilikali wina wopuma, amene anawauza kuti chipolopolo chili ngati mwadiya wowoloka Shire. Wopalasa wanzeru salunjika pa doko limene akufuna kukocheza. Amalunjika kumtunda, podziwa kuti madzi amukankha. Momwemonso wowombera patali salunjika pamene akufuna kulasa, koma amapatsa mphepo gawo lake. A Fanizo anasunga mawuwa monga munthu asungira lamulo, ndipo moyo wawo wonse akhala akuwafotokozera anthu amene safuna kuwamva.

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha, mwera ukuwomba kuchokera kumwera kukwera ndi chigwa, ng'ona inagwira mai wina dzina lake Loyce akuchapa pa doko la mudzi wina wa m'mbali mwa Shire. Maliro asanathe n'komwe, mlongo wa malemuyo, a Leonard, anakumbutsa anthu kuti Loyce anakanganapo za malire a dimba ndi a Hilario, msodzi wokalamba amene anathawa nkhondo ku Mozambiki kalekale n'kukhazikika pamudzipo. Mlenje woyamba amene anatumidwa anawombera kawiri, kawiri konse n'kuphonya. Kwa anthu a pamudzipo umenewo unali umboni wokwanira: ng'onayo inali yoweta, ya a Hilario, ndipo zipolopolo zinkasanduka madzi zisanaifike. Anagwirizana kuti chachitatu chikaphonyanso, atentha nyumba ya nkhalambayo n'kuiwolotsa mtsinje, kumene inalibenso m'bale ndi mmodzi yemwe wamoyo.

A Fanizo anamva zonsezi asanatsike n'komwe pa njinga. Atapita kukaona malowo anadziwa chimene chinamuchitikira mnzawo uja. Ng'onayo inkawothera dzuwa pa mchenga wa pakati pa mtsinje, mamita oposa mazana awiri kuchokera pa gombe, ndipo chiwomberedwe chija inkati ikaona mwadiya, yalowa m'madzi. Kuyandikira kunali kosatheka. Malo oilasa kuti ife pomwepo ndi aang'ono ngati dzira la nkhuku, kuseri kwa diso. Ndipo mwera unkadutsa chopingasa njira yonse ya chipolopolo.

Tsiku loyamba anagona chafufumimba pansi pa mtengo wa nsangu, mfuti atatsamiritsa pa thumba la mchenga. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ena atanyamula nzimbe. A Fanizo anagwedeza kathumba kawo: phulusa linauluka chopendekera kumpoto. Anayang'ana pakati pa mtsinje, pamene madzi anachita makwinya akuda. Kumeneko mphepo inali yamphamvu kuposa pagombe. Anayang'ana ngayaye za bango lomera pa kachisumbu pafupi ndi mchenga uja: zinkawerama, n'kudzuka, n'kuweramanso. Mphepo zinali zitatu, ndipo sizinkamvana. Anadikira. Ola linatha, lachiwiri linatha, nzimbe zinatha.

A Leonard anafika pafupi n'kunena mokweza kuti onse amve: "Kodi boma latitumizira mlenje, kapena mnzake wa ng'onayo wodzawothera naye dzuwa? Uko yagona, kuno mwagona. Tikudzutseni nthawi yanji, bambo?"

Anthu anaseka. Mkulu wina wa mpingo, pofuna kuthandiza, anawakumbutsa kuti ngakhale Malemba amadzudzula mlimi amene amangoyang'ana mphepo osafesa. A Fanizo anayankha osatembenuka kuti mbewu ikagwera poipa munthu amabwereza kufesa, koma chipolopolo ichi chinali ndi nyumba ya munthu pamsana pake. Anayesa kufotokoza za mwadiya ndi madzi, za mphepo zitatu, za chikhatho chimodzi chimene chipolopolo chimapatuka pa mtunda wotere. Anthu anamvetsera mwaulemu monga amvetsera zolengeza za m'tchalitchi, kenaka wina anafunsa ngati a Hilario anawapatsa nsomba. Dzuwa litapendeka ng'ona inatsetserekera m'madzi, ndipo a Fanizo anachotsa chipolopolo mu mfuti osawombera.

M'mawa mwake anaona utsi ali patali. Atafika pa gombe anapeza kachisumbu konse kali moto lawilawi, bango likuthetheka, amuna atatu akubwerera pa mwadiya akumwetulira. A Leonard analandira a Fanizo ndi chimwemwe cha munthu amene wagwira ntchito yabwino. Anati dzulo lonse anthu anaona kuti a Fanizo akungoyang'ana bango lija, ndipo anazindikira kuti likuwatchinga. Popeza nyengo yotentha bango inali itakwana kale, anangoti awalambulire. Tsopano pakhala poyera, palibenso chowiringula.

A Fanizo anakhala pansi, navula chipewa, nachiyang'ana m'kati kwa nthawi yaitali. Bango limenelo ndilo linali maso awo kutsidyako. Ndiponso ndi ng'ona iti ingatuluke kudzawothera dzuwa pafupi ndi moto? Mawu amene anafika pa lilime lawo sanali oyenera munthu wobatizidwa, ndipo anawameza limodzi ndi malovu. Anakumbukira mtumiki wa Mulungu uja amene anatopa ndi anthu ake m'chipululu mpaka anamenya thanthwe ndi ndodo, ndipo kwa nthawi yoyamba anamumvera chisoni chenicheni. Chimene ananena chinali chakuti: "A Leonard, mawa mukafuna kundithandiza, mukhale kunyumba." Tsiku limenelo ng'ona siinaoneke, ndipo pofika masana mudzi unali utadziwa chifukwa chake: mwini wake anaichenjeza.

Asanabwerere kwawo a Fanizo anadzera kwa a Hilario. Anawapeza atakhala pakhonde, ukonde, bulangete ndi poto atazimanga kale mtolo umodzi. Nkhalambayo inalankhula mosakaniza Chimang'anja ndi Chisena, monga achitira anthu a kumeneko. Inati yakhala pa Shire zaka zoposa makumi atatu, ndipo ng'ona zaidyera maukonde asanu ndi galu mmodzi. Ikanakhala nayo yoweta, bwenzi itaiphunzitsa kaye kusiya maukonde. Kenaka inafunsa motsitsa mawu ngati mawa adzawombera. A Fanizo anati sakudziwa; mphepo ili ndi Mwini wake, ndipo iwo sanapatsidwe ulamuliro pa iyo, koma maso okha oiwerengera.

Tsiku lachitatu ng'ona inatuluka dzuwa litakwera. Anthu anabweranso, a Leonard patsogolo, ndipo kumbuyo kwawo anyamata awiri anali ndi chigubu cha petulo chimene sanavutike n'kuchibisa. A Fanizo anagona pamalo awo aja ndi mtima wolemera, chifukwa kutsidyako kunalibenso ngayaye ndi imodzi yomwe. Koma atayang'ana m'galasi la mfuti anaona chimene sanachiyembekeze. Zitsa za bango ndi milu ya zinyalala zobwera ndi madzi zinali zikufukabe, ndipo timautsi titatu tinkakwera m'malo osiyana: kamodzi kunsonga kwa kachisumbu, kena pakati, kena pafupi ndi mchenga weniweniwo. Utsi sunama monga linamira bango, limene limagwedezekabe mphepo itadutsa kale. Iye amene amatulutsa zabwino m'zopusa za anthu anawapatsa mboni zitatu m'malo mwa imodzi. Koma a Fanizo analonjeza mumtima kuti a Leonard sadzamva zimenezi kwa iwo.

Anadikirabe. Kumbuyo kunayamba kung'ung'udza, wina akuti petulo akuuluka chabe. Mwera unkabwera mwa mafunde: unkakankha utsi mpaka kuugoneka pamadzi, n'kuleka, n'kubweranso. A Fanizo anawerenga kupuma kwawo pakati pa funde ndi funde, kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka anadziwa utali wa bata lake. Pamene timautsi tonse titatu tinapendekera mofanana, pang'ono pokha, ndipo phulusa la m'kathumba linagwa chimodzimodzi, analunjika zala zitatu kumwera kwa diso la ng'ona, pamalo pamene panalibe kanthu koyenera kulasa, natulutsa mpweya theka, nawomba.

Ng'ona inakwapula mchira kamodzi n'kukhala duu. Anthu anaikoka ndi miadiya iwiri. Pamaso pa onse a Fanizo anaitumbula, nachotsa ndulu yake, naitentha mpaka kupserera monga mwa mwambo, kuti pasadzapezeke wonena kuti wina anaitenga kukathirira anthu. M'mimba munali miyala, mafupa a mbuzi ndi chibangili chimene a Leonard anachizindikira. Analira, ndipo a Fanizo anawasiya alire. Atatonthola, a Fanizo anawaonetsa bala la chipolopolo pa mutu wa ng'onayo nati iyi ndi nyama chabe, yolengedwa tsiku limodzi ndi nsomba, ndipo chimene chinapatutsa zipolopolo zoyamba zija ndi mwera, osati munthu. Anyamata a petulo aja anali atazemba kale.

A Leonard anapukuta misozi, nagwedeza mutu movomera, nati zonse azimva. Kenaka anakokera a Fanizo pambali n'kunong'ona kuti iwo anaona bwinobwino: masiku awiri a Fanizo akhala akuwaza mankhwala a m'kathumba aja mumphepo mpaka mphamvu ya ng'onayo inasweka. Sakufunsa kwa sing'anga kumene anawatenga, koma angawagawireko pang'ono a pa doko? Pofika madzulo amayi anayi anali atabwera ndi timapepala tokulungiramo. A Fanizo anafotokoza za zitsononkho, za mafuwa a mai Immaculate, za mwadiya ndi madzi. Anakhuthula kathumba konse pansi kuti aone. Anthu anawerama n'kutola ndi dothi lomwe.

Podutsa pa nyumba ya a Hilario anapeza mtolo uja utamasulidwa, ukonde utayanikidwa pa mpanda. Nkhalambayo inaimirira, inawagwira dzanja ndi manja awiri, niwathokoza m'Chisena kuti: "Takhuta, baba, takhuta kwene-kwene. Ndigona m'nyumba mwanga." A Fanizo anamva kutopa kwa masiku atatu kukuchoka pamapewa, poganiza kuti pamudzi ponsepo panali munthu mmodzi amene anadziwa choonadi, popeza ndiye ananamiziridwa. Anakwera njinga. Asanapalase, a Hilario anayang'ana uku ndi uku, nayandikira, nafunsa ngati m'kathumbamo mwatsalako kakang'ono koika kutsogolo kwa mwadiya.

A Fanizo akadali pa ntchito, ndipo akuti apuma zaka ziwiri zikubwerazi. Phulusa amanyamulabe, chifukwa mphepo siinasiye kuwomba. Koma masiku ano akafika pamudzi amayamba apempha mwini nyumba yoyandikira kuti awapalire la pa mafuwa ake, anthu onse akuona.